Chigubu cha Alamu

"Ndani wakhuthula chigubu changa?"

Alamu anaima pakhomo la kukhitchini, chigubu choyera chili m'manja, chikudontha madzi a sopo. Sanakuwe ayi. Ntchito ya unamwino inawaphunzitsa kuyankhula motsitsa ngakhale pamene munthu wina akanaswa mbale. Koma ine ndinasiya kupukuta nsapato zanga zamalonda n'kutchera khutu.

"Ndakhuthula ndine," anayankha amayi, osacheuka n'komwe pamene ankatsuka makapu. "Ndachitsukanso bwinobwino ndi sopo. M'malo mothokoza mukufunsa ngati wapolisi."

"Amayi, ndinalembapo dzina langa. Ndinalembanso kuti munthu asachikhudze."

"Zolemba za kuchipatala ine ndinaziphunzira kuti? Chimene ndinaona ndi mkodzo. Mkodzo, apongozi, kuseri kwa chitseko cha bafa, m'nyumba muno anthu akulowa ndi kutuluka! Akazi a abusa anapempha kuti akasambe m'manja. Mumafuna auone? Azikanena kuti kwa Anesi amasunga mkodzo ngati mafuta ophikira?"

"Unali wa kuyambira sikisi koloko m'mawa. Maola khumi, amayi."

"Ndiye mukuti watha? Simukodzanso?"

Ndikuuzeni za chigubucho, kuti musaganize kuti alamu mutu unali utasokonekera. Dokotala wa kuchipatala kumene amagwira ntchito anawapeza ndi vuto la impso. Kuti adziwe kuti zawonongeka kufika pati, anawapatsa chigubu cha malita asanu n'kuwauza kuti asunge mkodzo wonse wa tsiku lathunthu, kuyambira m'mawa mpaka m'mawa winawo, osataya ngakhale kamodzi. Ukaphonya kamodzi zonse zawonongeka, uyambirenso. Galimoto yotenga zokayeza kuchipatala chachikulu imabwera Lachinayi m'mawa basi, ndipo tsiku lopuma la alamu linali Lachitatu. Zinagwirizana bwino, kungoti pakhomo pathu Lachitatu silinali la alamu.

Pamenepo analowa achimwene, tepi yoyezera ili m'khosi, tiulusi tili mbwee pamalaya.

"Phokoso lanji anthu ali panja? Anesi, nambala seveni akudikira. Ndi bambo a bala aja."

Inde, ngakhale amuna awo ankawaitana ndi dzina la ntchito, kuti Anesi. Achimwene ndi telala, makina awo ali pakhonde, ndipo anaikapo benchi yaitali kuti makasitomala azikhalapo. Atakwatira namwino, benchi ija inasintha ntchito. Munthu akabwera kudzasoketsa zipi n'kungotsokomola kamodzi, achimwene ankati, "Mubwere Lachitatu, Anesi amakhala ali pakhomo." Anthu atachuluka, anadula katoni ya sopo ndi sizasi yawo yaikulu n'kulemba manambala kuyambira wani mpaka twente. Anthu anawapatsa dzina loti a Kalaliki, ndipo iwo ankaliyankha monyadira ngati awalemba ntchito m'boma.

"Sabata yatha," anatero alamu, "munanditengera kwa mnzanu wa pagalaja kuti ndikamumange chala. Maola anayi ndili kumeneko. Ndinalowa m'chimbudzi cha eni ake chigubu chili kuno, zonse n'kuwonongeka. Lero amayi akhuthula. Kwatsala Lachitatu limodzi dokotala wa impso asanabwere. Akapeza palibe zotsatira, adzabweranso pakatha miyezi itatu. Mukundimva, bambo?"

"Ndamva, ndamva. Koma munthu woti mukuyenda, mukudya, mukuseka! Inu mankhwala onse mumawadziwa. Mungodzigwiriziza ndi timapilisi tanu tija. Bambo ali panjawa bala likutuluka mafinya."

"Chipatala n'chotsegula."

"Kuchipatala kuli mzere. Komanso ndawalonjeza kale. Mukufuna ndioneke wabodza?"

"Namwino amadwalanso?" analowererapo amayi, akupukuta m'manja. "Ndiye ife tidzathawira kuti? Mulungu anakupatsani manja amenewo kuti muzithandiza anthu, osati kumakumbatira zigubu."

Ndinkayembekeza kuti alamu aponya chigubu chija pansi. Ine ndikanachiponya, ndipo mwina osati pansi. Koma iwo anachiika bwinobwino pamwamba pa kabati, anasamba m'manja mpaka m'zigongono monga amachitira nthawi zonse, n'kutenga magolovesi. Anatuluka akukoka mapazi. Ndinawamva pakhonde akuti, "Pepani bambo, mwadikira," ndipo mtima wanga unapsa kuposa mmene unapsera ndi amayi. Munthu kumapepesa anthu amene akukumaliza!

Loweruka masana alamu anatulukira pamalo anga ogulitsira nsapato kumsika, ali mu yunifolomu, akuchokera kuntchito. Anadzigwetsa pampando wanga osapempha.

"Alamu, muli nazo zoyera za saizi seveni? Zofewa."

"Seveni ya ndani?"

"Yanga."

"Inu mumavala faifi. Chaka chatha ndinakupatsani faifi. Miyezi iwiri yapitayi munati sikisi, n'kunamizira kuti faifi ija anaisoka mothina. Lero seveni? Phazi la munthu wamkulu limakula ngati dzungu?"

Zachipatala ine sindizidziwa, koma mapazi ndimawadziwa. Ndinagwada n'kuwavula nsapato ndekha. Inatuluka movutikira, ndipo pamene panali lamba panatsala mzere wozama ngati anamangapo chingwe. Akakolo sankaonekanso, mwendo unangolumikizana ndi phazi.

"Mayo ine! Mwayenda bwanji ndi zimenezi?"

"Ndinazolowera."

"Mwamwa madzi lero?"

Anaseka, kuseka kwa munthu wotopa. "Madzi ndimamwa ndikaweruka. M'wodi mwathu muli mabedi makumi anayi, anamwino timakhalamo awiri. Ukamwa madzi umafuna kukataya madzi, ndipo chimbudzi chathu chili kuseri kwa nyumba yochapira. Kupita ndi kubwera, mphindi khumi. M'mphindi khumi diripi yatha, wina wagwa pabedi, wina wasiya kupuma. Ndiye tonse tinaphunzira: m'mawa osamwa tiyi, masana osamwa madzi. Wophunzira akabwera ndi botolo lake la madzi timamuseka. Pakatha mwezi amalisiya yekha kunyumba."

"Nanga mutu ukamapweteka?"

Anapisa m'thumba la yunifolomu n'kutulutsa zonse zimene zinalimo: cholembera, kasizasi, pulasitala, ndi mapilisi ofiira ongotayirira ngati mtedza.

"Awiri m'mawa, awiri masana, kumeza ndi malovu. Zaka khumi ndi ziwiri. Odwala ndimawauza kuti amenewa osamwa kupitirira masiku asanu, amawononga impso. Ndimawauza ndikuwaloza chala, anga ali m'thumba."

"Alamu, mundikhululukire, koma ndinu munthu wophunzira wopusa."

"Ndikudziwa."

"Musandiyankhe kuti mukudziwa! Tsiku limodzi lokha pa sabata limene mukanamwa madzi, kukweza miyendo n'kugona, mwalipereka kwa a Kalaliki. Pakamwa mulibe? Simungawauze anthu amenewo kuti achoke?"

Anandiyang'ana kanthawi. "Inuyo simunandibweretsere anzanu a mumsika muno mwezi watha? Mayi wa tomato uja, ndi wina wa msana uja?"

Ndinawabweretsadi, ndipo ndinayenda nawo patsogolo mutu uli m'mwamba, ndikuti alamu anga ndi anesi, musadandaule. Manyazi anandigwira moti ndinayamba kusanja nsapato zosanja kale.

"Sindikukunenani," anatero. "Nanenso ndimazikonda. Munthu akakuuza kuti Anesi mwandithandiza, umamva ngati ndiwe kanthu. Ukakana kamodzi umamva ngati wapha munthu. Kusukulu anatiphunzitsa kutembenuza wodwala, kumusambitsa, kumudyetsa. Palibe tsiku limene anatiphunzitsa kukhala pansi."

"Dokotala ananena chiyani kwenikweni? Musandibisire."

"Anati zikadziwika msanga pali mankhwala ozigwira kuti zisapitirire. Tikachedwa, ndi makina otsuka magazi kawiri pa sabata, ngati malo angapezeke. Ine ndaperekezapo anthu kumakina amenewo. Ndimadziwa amene amabwerako ndi amene sabwerako." Anayang'ana mulu wa nsapato, osati ine. "Ndikuopa, alamu."

Chikhalireni nawo pakhomo limodzi ndinali ndisanawamvepo akunena mawu amenewo. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo popeza sindimakonda kulira pamsika, ndinakwiya m'malo mwake. Zoyera za seveni zinalipo koma ndinazikankhira pansi pa thumba. Ndinawapatsa masilipasi aamuna a saizi eyiti, akuda, oipa maonekedwe koma ofewa.

"Amenewa kuntchito sangalole."

"Si akuntchito. Ndi a Lachitatu."

Lachitatu linafika. Sikisi koloko isanakwane pabenchi panali kale anthu anayi, ndipo achimwene ankagawa makatoni awo akuimba mluzu. Amayi anali atasesa khonde n'kumanga mpango wawo watsopano, chifukwa tsiku limeneli ndi limene anthu ankawapatsa moni wogwada. Pofika naini koloko benchi inali itadzaza, ena atakhala pamasitepe, koma chitseko cha kuchipinda cha alamu chinali chotsekabe. Achimwene anagogoda kawiri.

Alamu atatuluka, chikwama cha zida sanatenge. Anavala diresi lakale lakunyumba ndi masilipasi aja. Dzanja limodzi ananyamula beseni, linalo chigubu. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi ketulo ya madzi ofunda ndi jagi ya madzi akumwa.

"Tasunthani pang'ono, bambo," anauza mkulu wa bala uja. Anakhala pakati penipeni pa benchi, chigubu n'kuchiika pambali pawo, dzina litayang'ana kwa anthu. Anaviika mapazi m'beseni, ine n'kuthira madzi. Kenako anatambasula dzanja.

"A Kalaliki, nambala wani mundipatse ine."

Anthu anaseka, ankayesa nthabwala. Mayi amene anali ndi nambala wani anaipereka yekha akuseka. Achimwene okha ndi amene sanaseke, maso awo anali pa chigubu.

"Anesi, chimenechi n'chiyani?" ananong'ona.

"Mwadzuka bwanji nonse?" anatero alamu mokweza. Aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu. "Lero pakhonde pano pali wodwala mmodzi, ndine. Impso zanga zikuwonongeka. M'chigubumu muli mkodzo wanga, ndipo uyenera kukwana wa tsiku lonse kuti akauyeze. Kawiri konse zalephereka. Popeza kuseri kwa chitseko umachititsa manyazi, lero ndauika poyera kuti ndiziuona ndi maso anga."

Amene anakhala pafupi ndi chigubu anasuntha msangamsanga mpaka wa kumapeto anatsala pang'ono kugwa.

"Apongozi!" anakuwa amayi. "Mwapenga? Pamaso pa azibambo?"

"Amayi, azibambowa ndawatsuka mabala, ndawabaya jakisoni m'matako pakhonde lomwe lino. Palibe anachita manyazi. Zanga zokha ndiye zonyansa?"

"Mukuchotsa ulemu mwana wanga! Pakhomo pano anthu amapalemekeza chifukwa cha chiyani?"

"Chifukwa cha impso zanga, amayi. Ndiye zatha."

"Nanga ife titani, Anesi?" anafunsa mkulu wa bala uja, nambala ili m'manja.

"Chipatala ndi ulendo wa mphindi makumi awiri, bambo. Kuli anzanga, kuli mankhwala oyenera, zida amaziwiritsa. Kuno ndimakumangani bala pafupi ndi zigamba za telala, ndiye mukudabwa kuti silikupola?"

"Kunyadatu kumeneku," anang'ung'udza mayi wina pamasitepe. "Anthu akaphunzira ndi mmene amathera."

"Eya, ndanyada. Ndachedwa nako." Anadzithirira madzi m'kapu n'kumwa pang'onopang'ono, maso ali pa mayiyo.

Foni inalira m'thumba la diresi. Anaiyang'ana, n'kuitsegula mokweza kuti tonse timve. Anali asisita aakulu, bwana wawo wa kuwodi.

"Mnzako sanabwere, akuti mwana wake wadwala. Tabwera utigwirire mpaka masana okha."

"Sindibwera, Sisita."

"Wati chiyani?"

"Ndikudwala. Kalata ya dokotala ili patebulo panu kuyambira mwezi watha. Mumaikapo kapu yanu ya tiyi."

"Ukudziwa kuti ndikhoza kukulembera lipoti?"

"Lembani. Mulembenso kuti wodi ya mabedi makumi anayi ili ndi anamwino awiri ndi chimbudzi chakutali. Ndidzasaina m'munsi mwake."

Alamu anadula foni. Ine ndinkafuna kuomba m'manja, koma ndinali nditanyamula ketulo.

Kunena zoona, zonsezi zinali zophweka. Chovuta chinalowa pageti chikuthamanga. Anali mtsikana wapabanja, mkazi wa mnzawo wa achimwene wa pagalaja uja, mwana wakhanda ali m'manja. Sanafune nambala. Anagwada pafupi ndi beseni n'kumuika mwanayo pamiyendo pa alamu.

Alamu sananyamuke, koma manja awo anayamba okha. Anagwira pamphumi, anatsegula chikope, anakweza kamalaya n'kuyang'ana mmene kachifuwa kankalowera mkati popuma.

"Wayamba liti?"

"Lolemba."

"Lolemba! Nanga masiku onsewa mumadikira chiyani?"

"A Kalaliki anati ndisavutike ndi mzere wa kuchipatala, ndidikire Lachitatu."

Alamu anakweza maso n'kuyang'ana amuna awo. Achimwene anayamba kupindapinda tepi yawo ngati kuli woti amuyeze.

"Mwanayu akufunika mpweya wa kuchipatala ndi diripi. Ine pano ndilibe. Lizani njinga yanu yamoto, bambo. Pompano."

"Tiyeni limodzi, Anesi," anatero achimwene. " Akakuonani inu sakatiimika pamzere."

"Chonde Anesi," anadandaula mtsikana uja, atagwira mkono wa alamu. "Tiyeni nafe."

Ndinaona madzi a m'beseni akugwedezeka. Phazi limodzi linali litanyamuka kale, madzi akudontha. Ndinadziwa kuti akakwera njinga imeneyo, kuwodi akawaveka yunifolomu, abwerako dzuwa litalowa, ndipo chigubu chikhala chopanda ntchito kachitatu. Koma mwanayo ankapuma ngati kambalame, ndipo sindikanatha kuwauza kuti khalani.

Phazi lija linabwerera m'madzi. Alamu analanda katoni m'manja mwa mkulu wa bala, anaitembenuza, analemba mofulumira kuseri kwake n'kuipereka kwa mtsikanayo. Kenako anaimbira foni mnzawo wa kumalo olandirira ana, kumuuza kuti kukubwera khanda lopuma movutika, akonzeretu mpweya.

"Katoniyi mukapatse namwino amene mukamupeze pakhomo. Sakakuimikani pamzere, akukudikirani. Ine ndikapita nanu palibe chimene ndikawonjezere, kungolemetsa njinga." Anatembenukira kwa achimwene. "Munalonjeza ndinu, nyamulani ndinu. Ine sindinyamuka."

Njinga itatuluka pageti, amayi anabwera n'kuima kutsogolo kwa beseni, manja ali m'chiuno.

"Mwana ameneyo akafa, zili pamutu panu. Munthu wamtima wanji inu? Kukhala phee mapazi ali m'madzi ngati mkazi wa bwana!"

"Bwerani pafupi, amayi. Ndibwerekeni chala chanu."

Amayi asanadziwe chimene chikuchitika, alamu anagwira chala chawo chachikulu, anatulutsa mwendo m'beseni, n'kuchidinikiza pamwamba pa kakolo. Anawerenga mokweza mpaka faifi, kenako anachichotsa. Pamene panali chala panatsala dzenje, lozama loti munthu n'kuikamo batani la jekete. Tonse tinaliyang'ana, kudikira kuti litsekeke. Silinatsekeke.

Panalibe wofunika kumufotokozera. Aliyense pabenchi imeneyo alamu anamudinikizapo mwendo chimodzimodzi, ndipo aliyense ankadziwa zimene amanena dzenje likakhalira.

"Anesi," anatero mkulu wa bala uja motsitsa, "ife mukatipeza ndi dzenje lotere mumati tipite kuchipatala tsiku lomwelo."

"Eya, bambo. Ine ndili nalo miyezi inayi."

Amayi ankayang'ana chala chawo ngati si chawo. "Ndiye bwanji simunanene?"

Apa ndiye ine zinandikwana. "Ananena, amayi! Masabata atatu akunena! Inu munamva fungo lokha, achimwene anamva mzere wokha, ine ndinkabweretsa a tomato. Tonse m'nyumba muno makutu tili nawo a zokomera ife!"

"Iwe usandikweze mawu, ndinakubala ndine."

"Ndi chifukwa chake ndikukuuzani ndine. Winayu amakuopani."

"Sindikuwaopanso," anatero alamu, akubwezera mwendo m'madzi.

Anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, aliyense akusiya katoni yake pamakina a achimwene. Ena anatsanzika, ena anapita akung'ung'udza, ndipo mayi wa pamasitepe uja tinamumva mpaka pamsewu. Alamu sanatsekereze aliyense. Anakhala pabenchi tsiku lonse. Akafuna kutaya madzi ankanyamula chigubu chawo kupita nacho kubafa n'kubwera nacho. Masana anadya atakhala pansi mpaka kumaliza mbale, kenako anagona pabenchi pomwepo, miyendo atayikweza pamulu wa nsalu za makasitomala, ndipo anachita nkonono. Amayi anadzitsekera kuchipinda. Koma dzuwa litafika pabenchi ndinawaona akutuluka ndi ndowa ya madzi ozizira. Anaikamo chigubu chija n'kukokera pamthunzi, nkhope atayang'ana kumbali.

Achimwene anabwera cha m'ma folo koloko, nkhope ili yakugwa. Mwana anamugoneka, ali pa mpweya, akuti akanachedwa tsiku lina zikanakhala zina. Koma chimene chinkawawawa iwo si chimenecho.

"Dokotala wandikalipira pagulu. Akuti ndani anauza mayiyu kuti adikire? Mtsikanayo n'kundiloza ine. Anthu onse kundiyang'ana! Mwandichotsa ulemu, Anesi. Kuno mwandichititsa manyazi, ukonso manyazi."

"Mwana ali moyo?"

"Ali moyo."

"Ndiye manyazi anuwo mupola nawo. Tamverani bambo, ndinene kamodzi. Lachitatu ndi langa. Ndizigona, ndizimwa madzi, ndikafuna ndizingokhala ndikuyang'ana msewu. Munthu akatsokomola pamakina anu, muzimulozera kuchipatala. Mukadzagawanso makatoni, mudzawathandize nokha ndi singano yanu yosokera, chifukwa ine mudzapeza nditachoka."

"Mwayamba kundiopseza m'nyumba mwanga?"

"Ayi. Ndikukuuzani zimene zichitike, monga ndimauzira odwala."

Achimwene anayang'ana kwa ine kufuna wowathandiza. Anandipeza ndikukoleza moto wotenthetsera madzi ena a m'beseni, ndipo ndinkakolezera makatoni awo. Ankayaka bwino kwambiri. Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko, ndipo tsiku limenelo makina sanalire.

Lachinayi sikisi koloko m'mawa alamu anatseka chigubu n'kulembapo nthawi. Sichinafike ndi theka lomwe, ndipo pamwamba panali thovu ngati wina wathiramo sopo. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Iwo ankadziwa tanthauzo lake, ine ndinangoona nkhope yawo n'kusiya kufunsa. Ndinabweretsa thumba lakuda kuti tichibise, koma anakana.

"Ndachivutikira masabata atatu. Chiyende poyera."

Malonda ndinawasiya tsiku limenelo. Tinayenda pang'onopang'ono, masilipasi akulira phwa phwa, chigubu chili m'dzanja lawo. Mlonda wa pageti la chipatala anawapatsa sawatcha monga mwa masiku onse, kenako anaona diresi ndi masilipasi n'kusowa poyang'ana. Galimoto ija inali itaima kale kuseri kwa chipinda choyezera magazi. Alamu sanachoke pawindo mpaka anaona ndi maso awo chigubu chikulowa m'bokosi lozizira, bokosi likulowa m'galimoto, galimoto ikutuluka pageti. Pamenepo anapuma mpweya waukulu n'kundigwira paphewa, ndipo ndinamva kulemera kwawo konse.

Sanalowere khomo la antchito. Anapita pamzere wa odwala oyezetsa kuthamanga kwa magazi, anakhala pabenchi kumbuyo kwa gogo wina wa ndodo, n'kutulutsa botolo la madzi m'chikwama. Sipanapite mphindi zisanu asisita aakulu anatulukira, mafayilo ali m'khwapa, nsapato zikulira pasimenti.

"Zadzulo tikambirana. Popeza wafika kale, kavale yunifolomu. M'wodi muli mmodzi yekha."

"Ndili pamzere, Sisita."

"Mzere wa chiyani iwe? Makina oyezera ali m'wodi, ukadziyeza wekha pakati pa ntchito. Tonse timatero."

"N'chifukwa chake tonse tikutha."

"Ndikufunsa komaliza. Unyamuka kapena ayi?"

Odwala onse anali atatembenuka. Alamu anavula silipasi, anakweza mwendo pabenchi, anadinikiza chala chawo pamwamba pa kakolo n'kuwerenga mpaka faifi.

"Dzenjeli likatsekeka ndinyamuka."

Asisita anayang'ana pansi. Nawonso ndi namwino, sanafunike womasulira. Anaima pamenepo mafayilo ali m'khwapa, milomo yawo youma ngati ya alamu, ndipo dzenje linangokhala chomwecho. Mzere unasuntha, gogo wa ndodo anasunthira kutsogolo, alamu anasunthanso malo amodzi. Kenako anatsegula botolo lawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi ziwiri anamwa madzi m'chipatalamo dzuwa likuwala, osafulumira, asisita akuonerera.